Wakuba Wotsanzika Disiki

A Sajeni anaika disiki patebulo ngati akuika khoswe wakufa, n'kuikankhira kwa ine ndi nsonga ya cholembera. Moni sanandipatse, ndipo mpando ndinachita kudzipatsa ndekha. Anati popeza ndine ndinaika kamera m'sitolo ya mankhwala ija, ndiwauze chimene ndinaichita disiki ya zithunzi zakeyo kuti itseke pakamwa. Anali ataiyesa pa makompyuta onse a papolisi, ndipo iliyonse inkangofunsa ngati akufuna kuifufuta kuti iyambirenso ili yopanda kanthu.

"Ndiye mwavomera?" ndinafunsa.

"Ndikanavomera, mayi, bwenzi pano muli m'chitokosi limodzi ndi alamu anu."

Mlamu wangayo, mkazi wa mchimwene wanga, anali atagona kale m'chitokosimo. Ndiye wopereka mankhwala m'sitolo muja, ndipo chiphaso chimene chili pakhoma ndi chake, anachipeza movutikira uku akuyamwitsa. Kuchipinda chakumbuyo kuli kabati yachitsulo yosungiramo mapiritsi amphamvu opha ululu, aja munthu akawazolowera sawasiya. Oyendera masitolo a mankhwala atafika dzulo lake anapeza timabokosi titasanjidwa bwinobwino, totsekatseka, koma tambiri m'kati mulibe kanthu. Makiyi a kabatiyo ndi awiri, ina ya mwini sitolo, ina ya mlamu. Mwini sitolo ali ndi loya, ndiye mukudziwa kale amene anakwera galimoto ya polisi. Mlandu ukanamukhalira, ndende inali yake ndipo chiphaso chikanapita osabweranso. Nditamuona m'mawa umenewo sanalire, anangoti kamera yanga ija ndiyo mboni yake.

A Sajeni nkhani anali ataimaliza kale m'mutu mwawo: wina m'banja amaba, wina wa m'banja lomwelo amatseka kamera m'maso. Sindinawade nazo. Ntchito yokonza makompyuta inandiphunzitsa kale kukayikira, chifukwa aliyense wobwera ndi makina ofa amalumbira kuti sanakhudze kalikonse.

Ndinawafotokozera kuti m'kompyuta ya kusitolo ndinaikamo Linakisi, dongosolo laulere lija limene aliyense angathe kulisuzumira m'kati ndi kulikonza, poti mwini sitolo ndi wouma manja. Linakisi imasanja zinthu m'disiki mwa njira yakeyake, ndipo makompyuta a papolisi njirayo saidziwa. Akaona zimene sakuzimva amangoti mulibe kanthu. A Sajeni anati nkhani ndi yokoma, koma iwo amakhulupirira maso.

Chikwama changa anandinyamulira ndi mchimwene wanga, mwamuna wa mlamuyo. Kwathu timamutcha Odi, chifukwa kuyambira ali mwana sankalowa paliponse osaodira, ngakhale m'khola la nkhuku. Ndinamulera ndine, ndipo ntchito ya mawaya ndinamuphunzitsa ndine, mpaka pamene ngozi ya njinga yamoto inamuphwanya chiuno n'kumusiya akukoka mwendo. Maso ake anali ofiira potulutsa laputopu, ndipo ndinamumvera chisoni.

Nditalumikiza disiki, laputopu sinaione n'komwe. Disikiyo inkangoti tche, tche, ngati wotchi yotopa, ndipo a Sajeni anayamba kumwetulira. Ndinayang'ana chingwe chake. Chinali chopyapyala, cha foni, ndipo anavomera kuti chenicheni anachisiya chitapanikizika kuseri kwa tebulo la kusitolo. Makompyuta awo akuluakulu ankakankha moto wokwanira kudzera m'kachingweko, koma laputopu yanga sinkatha. Nditasintha n'kuika chingwe changa chonenepa, disiki inazungulira mosalala ndipo inaoneka.

Koma kuoneka si kutseguka. Kuti disiki iwerengeke, kompyuta imayenera kuiyala pa foda ina monga mmene umayalira mphasa pansi, ndipo amisiri timati kumaunta. Ikayalika, ukatsegula fodayo umaona zonse za m'disiki. Iyi inakana. Ndinayesanso, n'kukananso, ikunena kuti ili ndi bala la m'kati.

Ndinafunsa mmene anaichotsera kusitolo. Anati anaizula basi, kodi pali njira inanso? Nthawi imeneyo n'kuti apolisi ali piringupiringu m'chipinda cha kabati, kamera ikujambula, disiki ili m'kati molemba. Mumtima ndinati safunsa anadya phula, koma pakamwa ndinangowauza kuti disiki siizulidwa ngati chinangwa. Umayamba wauza kompyuta kuti ipinde mphasa yake, n'kudikira kanyali kazime. Ophunzira anga ndimawauza kuti disiki uziitsanzika, ndipo Odi, amene mawuwa anawamva mpaka kutopa nawo, anagwedeza mutu ali chiimire pakhomo.

Balalo linali lokonzeka, koma a Sajeni anagwira dzanja langa ndisanayambe. Anati umboni sukonzedwa ndi m'bale wa woimbidwa mlandu. Ndikope disiki yonse pa ina, iwo akuona, ndipo ndikonze yokopedwayo. Apa ndinawapatsa ulemu, chifukwa ndi zimene ndikanachita ngakhale akanapanda kunena. Kukopako kunali kotenga m'mawa wonse, choncho anakhoma ofesi, kiyi n'kuika m'thumba.

"Tiyeni kusitolo," anatero. "Ndikufuna ndione nkhope zawo akamalankhula inu mulipo."

*

Mwini sitolo anatilandira ataima pakati pa chitseko ngati tabwera kudzapempha. Ndi bambo wa mimba yake, wokonda kuyankha funso ndi funso. Kiyi yake ili kuti? Kodi sitikuiona palamba? Amagona nayo? Nanga munthu wanzeru angagone bwanji? Anati iye kabati saitsegula popanda wopereka mankhwala, poti lamulo likutero, ndipo Loweruka sabwera n'komwe chifukwa ndi tsiku lake lopuma. A Sajeni atafunsa chifukwa chimene m'sitolo yonse muli kamera imodzi yokha, yoyang'ana kabati, anati kodi makamera amamera m'munda?

Kenako anandiloza ine ndi chala.

"Afunseni awa. Makina awo akhala akundilirira miyezi yonseyi kuti malo atha, malo atha. Ine ndinadziwa kuti ndi nyambo yoti andigulitse ena, ndiye ndimangotseka kauthengako."

Zimenezi zinandidabwitsa. Kompyutayo ndi yakale ndipo mimba yake ndi yaing'ono, komabe zithunzi zonse zimapita ku disiki yakunja, m'mimbamo simuyenera kulowa kanthu. Ndinapempha kuti ndiione, koma a Sajeni anakana. Mwini sitolo anaonjeza kuti apolisi atazula disiki makinawo anauma, iye n'kuwazimitsa n'kuwayatsanso, ndipo kanali koyamba kuwazimitsa chiwaikireni, poti ali ndi batire lawo magetsi akathima.

Wachiwiri anali mayi wa pakauntala, amene msewu wonse umamutcha Wailesi. Uyu safuna funso, amangofuna khutu.

"Ine, bwana, za anthu sindinena, Mulungu ndi mboni, koma muwafunse alonda chimene amakachita kuseri nthawi yonse ija. Komanso akazi a bwana wathuyu, kodi munthu akagona lamba amagona nalo? Ine sindikunena kanthu. Koma mayi awa mwawatsekerawa, ayi ndithu, munthu wopemphera, banja lake labwino, mwamuna wake amabwera kudzawatenga Loweruka lililonse ndi mwendo womwewo. Wanga ine ngakhale nditafa angatumize mwana."

A Sajeni anamulola athamange mpaka mpweya umuthere, kenako anafunsa ngati kiyi ya mlamu imachoka m'thupi mwake. Wailesi anati siichoka, imakhala m'thumba la jekete loyera la ntchito. Jeketelo amalivula potseka basi, n'kulikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko cha ofesi. Masiku ena amatseka ndi bwana, koma Loweruka masana amatsala okha, ndipo chitseko chamalata chakutsogolo ndi cholimba moti chimafuna anthu atatu: iye, mlamu ndi alonda. Amalimbana nacho mpaka thukuta, chifukwa bwana mafuta opaka amati ndi odula. Atafunsidwa amene amatsala m'kati nthawi imeneyo, anati palibe, m'sitolo mumakhala zii.

Alonda tinawapeza kuseri atakhala pa chidebe. Ndi mkulu wa mawu ochepa, amayamba watafuna funso asanalimeze. Anati iwo m'chipinda cha kabati sanalowemo chiyambire, ndipo za Wailesi anangoti pakamwa pake ndi pake. Kuseriko amapitako kukakhoma geti chitseko chamalata chikatsika theka, azimayi akupuma. Ndinawafunsa ngati anaonapo chachilendo pawindo la ofesi.

"Kanyali kanu kaja, kabuluu. Kamagona."

"Kamagona liti?"

"Masiku otseka msanga. Ndikamapita ku geti kali kozima. Pobwera ndi chidebe madzulo, kayaka." Anakanda chibwano. "Ndimati n'chimene munakapangira."

Sindinakapangire zimenezo. Kanyali ka disiki kamayenera kuyaka usana ndi usiku. A Sajeni anandiyang'ana m'mbali, ndipo ndinadziwa kuti nkhope yanga aiwerenga.

*

Titabwerera kupolisi kukopa kunali kutatha. Odi anali atakapereka bulangete kwa mkazi wake, ndipo anakhala pabenchi pakona, mwendo atautambasula. Ndisanakonze kalikonse ndinayamba ndasuzumira pamutu pa disiki, pamene imasunga za moyo wake, chifukwa ukakonza bala zina zimafufutika. Kenako ndinalamula Linakisi kuti ifufuze ndi kusoka chong'ambikacho. Itamaliza ndinaiyala pa foda, mongowerenga chabe kuti pasasinthike kanthu, ndipo ulendo uno inalola. Mafayilo anadzaza sikirini.

Ndinasangalala, sindibisa. Ndinamuyang'ana Odi kuti naye asangalale, koma iye n'kuti akuyang'ana pansi.

Kamera ija imajambula pokhapokha m'chipindamo mukayenda chinthu, choncho zithunzi zake ndi tizidutswa tatifupitifupi. Tinationera tonse mothamangitsa, masana onse. Mlamu akulowa, akutsegula kabati, akutenga, akukhoma. Mlamu ndi mwini sitolo akulowetsa katundu watsopano. Wailesi akusesa, kabati osaikhudza. Buluzi akudutsa pakhoma. Mlamu, mlamu, mlamunso. Kwa miyezi yonseyo panalibe dzanja lina limene linatsegula kabatiyo lili lokha.

A Sajeni anatsamira mpando. Anati andithokoze, poti mboni imene mlamu wanga anaitchula yalankhula, ndipo yanena kuti ndi iye. Sananene monyoza. Ine ndinali nditatha tsiku lonse ndikusula unyolo wa munthu amene ndinabwera kudzamumasula.

"Sanabe," anatero Odi ali pakona paja, mawu ali pansipansi. "Mkazi wanga sanabe, bwana."

A Sajeni anati amuna onse amatero, ndipo anayamba kusonkhanitsa zinthu zawo. Apa m'pamene ndinawauza chimene ndinaona pamutu pa disiki. Disiki imakumbukira kuti yayalidwa kangati. Ya kusitolo ndinaiyala ine tsiku loika kamera, ndipo makinawo sanazimepo mpaka dzulo, ndiye inayenera kukumbukira kamodzi kapena kawiri. Koma inkasonyeza kambirimbiri. Wina ankaichotsa n'kuibwezera, ankaichotsa n'kuibwezera, ndipo nthawi zonsezo sinavulalepo. Bala lokhalo linali la a Sajeni.

Anagogoda tebulo ndi cholembera. Anati ndiye kuti wakubayu sazula, amatsanzika. Ndinavomera. Anati mwini sitolo amazimitsa makina pongodina batani, Wailesi ngakhale foni yake amachita kukonzeredwa, ndipo alonda sanalowemo.

"Ndiye m'tauni muno, mayi, wotsanzika disiki ndani, kupatula inu?"

Ndinati ndaphunzitsa anthu ambiri. Zinali zoona, koma dzina sindinatchule. Ndinapempha kuti andilole ndione kompyuta ya kusitolo dzuwa lisanalowe, ndipo ngati sindipeza kanthu andisunge nane. A Sajeni anatenga makiyi a galimoto. Odi ananyamula chikwama changa osauzidwa.

Tinakwera galimoto. Ine ndinkaganiza za mphasa. Wakubayo ankadziwa kuti akaipinda, disiki siilandira kanthu, ndipo ankaganiza kuti kamera yachita khungu. Koma kamera sidziwa za mphasa. Inauzidwa kuti iziponya zithunzi mu foda yakutiyakuti, ndipo imaponyabe, mphasa ilipo kapena palibe. Ikapanda kukhalapo, zithunzizo zimagwera pansi penipeni, m'mimba mwa kompyuta, ndipo mphasa ikayalidwanso zimaphimbika osaonekanso. Ndiye chifukwa chake makina ankalira kuti malo atha. Phunziro limeneli sindinkalipereka kwa ophunzira anga, poti wokoka mawaya saligwiritsa ntchito.

Ndinamva Odi akupuma kumbuyo kwanga, ndipo sindinacheuke.

*

Ofesi ya kusitolo ndi kachipinda kopanikiza: tebulo, mpando umodzi wa khushoni yong'ambika, msomali kuseri kwa chitseko. Jekete loyera la mlamu linali likadali pamsomalipo. Mpando uja ndinauyang'ana ndi maso ena tsiku limenelo. Munthu wa mwendo wopweteka akabwera kudzatenga mkazi wake sangaime panja kudikira chitseko chamalata, amamupatsa pokhala. Wailesi sananame ponena kuti m'sitolo simutsala munthu. Mwamuna wa mnzako amene umamuona sabata iliyonse sumamuwerenganso, amakhala ngati mpando womwewo.

Tisanayambe, loya wa mwini sitolo anafika kutsogolo akufuula za kutsegula bizinesi, ndipo a Sajeni anapita kukamuyankha. Anandiuza kuti ndingoyang'ana, ndisasinthe kanthu, n'kusiya chitseko chotsegula. Sindikudziwa mpaka lero ngati anachoka chifukwa cha loyayo kapena anachita dala.

"Achemwali, mukufunamo chiyani?" anafunsa Odi. "Disiki ili kupolisi. Mu fodamo mulibe kanthu."

Ndinaitsegula. Munali mafayilo a dzulo ndi lero, apolisi akulowa ndi kutuluka, monga ndinkayembekezera. Koma pamwamba pawo panali ena akale, ndipo onse anali a Loweruka masana. Ndinasankha imodzi yapakati n'kuitsegula.

Chipinda cha kabati chinaoneka, chopanda munthu, chitseko chikusuntha pang'onopang'ono. Munthuyo anaima kaye pakhomo, ndipo milomo yake inagwedera. Kamera ilibe mawu, koma ine ndinamulera, ndikudziwa chimene milomo imeneyo imanena pakhomo lililonse. Analowa akukoka mwendo. Anatsegula kabati ndi kiyi ya m'jekete la mkazi wake, n'kutenga kabokosi kakumbuyo, n'kukhuthulira mapiritsi m'thumba la malaya, n'kukatseka bwinobwino ndi chikhadabo, n'kukabwezera pamzere. Piritsi limodzi anameza pomwepo popanda madzi, atatsamira khoma, maso atatsinzina. Potuluka anayang'ana kamera mwachisawawa, monga mmene umayang'anira galu womangidwa.

Kumbuyo kwanga chikwama chinagwa pansi.

 M'chikwama chomwecho munali disiki ina yatsopano. Ndikanaiyala pa fodayo, kanthawi kochepa chabe, zonsezi zikanabwerera pansi pa mphasa, ndipo a Sajeni akanapeza foda yoyera. Palibe wina m'sitolomo akanadziwa kuti pansi pali kanthu. Ndinaganiza zimenezi, ndipo ndinaziganiza ndi mtima wonse. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo khoswe uyu ndinamusambitsa ndine, ndinamubereka kumsana popita kumsika mayi athu atamwalira. Koma mlamu anali pa simenti yozizira, akudikira kamera yanga.

Odi anakhala pansi, msana atatsamiza kukhoma. Analankhula motsitsa, osandiyang'ana. Anati a chipatala atasiya kumupatsa mapiritsi ululu sunasiye, ndipo usiku ankaluma pilo kuti mkazi wake asamve. Anati poyamba linali limodzi lokha, la Loweruka limenelo basi. Anati ankaganiza kuti disiki ikatseguka sisonyeza aliyense, mlandu n'kufa wokha, ndipo sanadziwe kuti pobisa nkhope yake akusiya ya mkazi wake yokha.

"Dzulo akumukweza m'galimoto unali pomwepo," ndinatero. "Wagona pabedi, iye ali pansi. Wamupititsira bulangete."

"Ndimati ndinena, achemwali. M'mawa ndimati ndinena. Pakamwa pamangouma."

Ndinakwiya, ndipo ndinamumvera chisoni, zonse nthawi imodzi. Ndinatulutsa fulashi m'thumba n'kuilowetsa pa kompyuta. Inayalika popanda vuto lililonse. Ndinakopera mafayilo a Loweruka onse, enieniwo n'kuwasiya pomwe anali kuti a Sajeni adzawaone ndi maso awo. Kamzere kanayenda pa sikirini, ife tikungokayang'ana, kutsogolo loya akupitiriza phokoso lake.

Katafika kumapeto ndinadzuka pampando.

"Mlamu sagonanso m'chitokosi lero," ndinamuuza. "Chatsala n'chakuti fulashiyi akaipereke ndani, iwe kapena ine. Ukapereka wekha, ndikakhala nawe kukhoti, ndikakufunira dokotala, ndipo mwana wako akadzafunsa ndidzamuuza kuti bambo ake anayenda ndi miyendo yawo. Ndikapereka ine, udzakhalabe mchimwene wanga, koma zimenezo sindidzatha kumuuza."

Anagwira mwendo wa tebulo n'kudzikoka mpaka kuimirira. Anapisa m'thumba la malaya, n'kutulutsa mapiritsi awiri okulungidwa m'kapepala, n'kuwaika patebulo. Dzanja lake linapita pa fulashi, koma linaima m'malere. Anagwira mausi, n'kuuza kompyuta kuti ipinde mphasa yake, n'kudikira mpaka kanyali katazima, monga ndinamuphunzitsira. Atatero m'pamene anaizula.

Ndinamumva akukoka mwendo m'kanjira kopita kutsogolo. A Sajeni anali ataima potulukira, atatifulatira, ndipo panalibe chitseko choti munthu n'kugogoda. Odi anaima kumbuyo kwawo, fulashi ili m'manja.

"Odi, bwana," anatero.